Filimu ya Detour ndi Mbiri ya Kanema wa Zaupandu m'Matauni a Anthu Apantchito: Kuchokera ku Migodi Kufika ku Kafue

1. Mawu oyamba

Munthu wochokera ku Lusaka polowera kummwera amayenda mtunda wa makilomita opitirira 40 asanaone machumuni a mafakitale a ku Kafue. Akaoloka mtsinje wa Kafue, msewu umagawika pawiri: wina umatsetserekera ku Chirundu, wina umakhotera ku Mazabuka ndi Livingstone. Tauni imeneyi idakula ndi anthu apaulendo, anthu amene adasiya kwawo kukafuna ntchito atanyamula mapepala owadziwitsa kwa olemba ntchito ndi kwa apolisi.

Nkhani ino ikukamba za filimu yakale ya ku America yotchedwa Detour, imene idatuluka mu 1945. Idapangidwa ndi ndalama zochepa, ndipo mutu wake ndi mlandu umene Angerezi amautcha blackmail, ndiko kuopseza munthu kuti umuululira chinsinsi chake akapanda kukupatsa chimene ukufuna. Taisankha ngati chitsanzo cha mtundu wonse wa mafilimu otchipa a zaupandu, popeza mbiri ya kapangidwe kake idafufuzidwa bwino kuposa ya anzake ambiri. Tiiyika pambali pa mbiri ya kanema m'matauni a anthu apantchito a m'Zambia, kuyambira m'makomboni a ku migodi mpaka ku Kafue.

Akuluakulu a boma la atsamunda ankakhulupirira zinthu ziwiri zosagwirizana. Ankati Mwafirika sangathe kutsata filimu yodalira mawu, komanso ankaopa kuti akaitsata aphunzirako upandu. Tikufuna kuonetsa kuti nkhani ya munthu woyenda ndi mapepala a mwini, amene wagwidwa pakhosi ndi wina wodziwa chinsinsi chake, sidali yachilendo kwa anthu a m'makomboni. Chimene chidasowa ndi chiyankhulo choifikitsira kwa iwo, ndipo ntchito imeneyo idatsalira oonera eni ake.

2. Filimuyi ndi amene adaipanga

Detour idapangidwa ndi kampani ya Producers Releasing Corporation, imodzi mwa makampani osauka kwambiri a ku Hollywood. Ntchito ya makampani otere idali yopanga mafilimu aafupi oonetsedwa ngati ndiwo yoonjezera pambali pa filimu yaikulu ya tsikulo. Detour imatenga mphindi pafupifupi 68. Nkhani yake idachokera m'buku la Martin Goldsmith la 1939, ndipo iye yemweyo ndiye adailembanso kuti ikhale filimu.

Wotsogolera ntchito yojambula adali Edgar G. Ulmer, amene adabadwa mu 1904 ku Olomouc, dera limene tsopano lili m'dziko la Czech Republic. Ulmer adaphunzira ntchito ku Vienna ndi ku Berlin, ndipo mu 1934 adajambulira kampani yaikulu ya Universal filimu ya The Black Cat. Pambuyo pake makampani aakulu adamutsekera makomo, iye n'kuyamba kupanga mafilimu a anthu amene Hollywood sinkawalabadira. Mu 1937 adajambula filimu ina m'chiyankhulo cha ku Ukraine ndi ina m'Chiyidishi, chiyankhulo cha Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, ndipo mu 1939 adajambula Moon over Harlem, ya anthu akuda a ku New York. Ofufuza ziyankhulo zathu aone mfundo imeneyi: filimu yotchipa ndiyo idayamba kupereka mpata kwa ziyankhulo zimene amalonda aakulu ankaziyesa zopanda phindu.

Atakalamba, Ulmer ankasimba kuti adajambula Detour m'masiku asanu ndi limodzi okha. Ofufuza amene adaona zolemba za kampaniyo adapeza kuti masikuwo adali ochulukirapo, koma umphawi wa filimuyi umaonekera poyera. Msewu wa ku New York adauphimba ndi nkhungu kuti asavutike kumanga nyumba zojambulirapo. Maulendo a pa galimoto adawajambula m'nyumba, zithunzi za msewu zikuyenda kumbuyo kwa ochita sewero. M'zigawo zina adatembenuza filimu kuti ulendo uoneke wolowera kumadzulo, mwakuti magalimoto amaoneka akuyenda kumanzere kwa msewu. Ku America chimenechi ndi cholakwika choonekeratu, pamene kwa woonera wa ku Zambia kapena ku Malawi ndi mmene galimoto imayendera masiku onse.

3. Nkhani yake

Al Roberts, amene adaseweredwa ndi Tom Neal, ndi woimba piyano m'malo achisangalalo ku New York. Bwenzi lake Sue lapita ku Los Angeles kukayesa mwayi, ndipo Al, popeza alibe ndalama ya ulendo, akulitsatira poimika magalimoto m'njira. Ku Arizona akutengedwa ndi Charles Haskell, munthu wajuga amene ali ndi zipsera za zikhadabo padzanja. Usiku mvula ikugwa, Al akuimitsa galimoto, akutsekula chitseko, ndipo Haskell akugwera pansi ali wakufa. Poopa kuti apolisi sakamukhulupirira, Al akubisa mtembo, akutenga zovala, ndalama, mapepala ndi galimoto, n'kupitiriza ulendo ngati Haskell.

Atalowa m'dera la California akutenga mkazi wina woima m'mbali mwa msewu, dzina lake Vera, amene adaseweredwa ndi Ann Savage. Vera ndiye mwini zikhadabo zija. Adakwerapo kale galimoto imeneyi ndipo akudziwa kuti woyendetsayu si Haskell. Kuyambira pamenepo Al wasanduka kapolo wake. Vera akumulanda ndalama, akumukakamiza kuchita lendi nyumba ku Hollywood ngati banja la a Haskell, ndipo akufuna kuti agulitse galimoto. Atawerenga m'nyuzipepala kuti bambo wake wa Haskell, munthu wachuma, ali kayakaya, akusintha maganizo: Al akadzionetse ngati mwana wa nkhalambayo kuti akalandire chuma chamasiye. Al akukana. Usiku wina Vera ataledzera akuthawira kuchipinda ndi lamya kuti aimbire apolisi, akukhoma chitseko, ndipo Al pokoka chingwe cha lamyayo ali kunja akumupotola khosi osadziwa. Filimu ikutha galimoto ya apolisi ikumutola Al pamsewu, pakuti malamulo a Hollywood a nthawiyo, amene adayamba kutsatidwa mwamphamvu mu 1934, sankalola kuti wopalamula apulumuke.

Pa zimenezi tione mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti nkhani yonse akusimba ndi Al mwini, ndipo woonera alibe mboni ina yotsimikizira kuti imfa ziwirizo zidalidi ngozi. Yachiwiri ndi yakuti upandu wa Vera suoneka ndi maso. Kuba kumaoneka, ndewu imaoneka, koma kuopseza ndi chinsinsi kumamveka ndi makutu okha. Munthu wosamva Chingerezi akaonera Detour amangoona mwamuna wankhope yakugwa ndi mkazi wolalata m'chipinda chopanikiza.

4. Kanema m'makomboni ndi lumo la boma

Kanema adafika kwa anthu apantchito a kuno kudzera ku migodi. M'zaka za m'ma 1920 mbusa wa ku America, Ray Phillips, adayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg mothandizidwa ndi eni migodi, ndipo ankayamba wadula zigawo zimene ankaziona zosayenera. Migodi ya kopa itatsekulidwa ku Northern Rhodesia, mafilimu ankabwera kuchokera ku South Africa komweko, ndipo ankaonetsedwa pabwalo sabata ndi sabata. Ambiri adali otchipa ndi akale, makamaka a anyamata okwera pa akavalo a kumadzulo kwa America.

M'zaka za m'ma 1930 boma lidakhazikitsa bungwe lounika mafilimu oonetsedwa kwa Aafirika. Charles Ambler, m'kafukufuku wake wosindikizidwa mu 2001, adaonetsa zimene bungweli linkadula: akazi ovala mosadzilemekeza, kuledzera, kugwiragwira akazi mwankhanza, kupsompsonana kotalika, ndi upandu umene ankati Aafirika angaumvetse mosavuta. Tikaika Detour pa muyeso umenewu, zigawo zake zikuluzikulu zikadagwa ndi lumo: kuvula mtembo, kuledzera kwa Vera, ndi imfa yake. Koposa zonse, filimuyi imaonetsa Azungu osauka, abodza ndi amantha, chinthu chimene atsamunda sankafuna kuti wantchito wawo aone. Mafilimu amene ankapulumuka ankafika ali zidutswazidutswa, ndipo akuluakulu omwe adawadulawo ankadabwa kuti oonera sakutsata nkhani.

Hortense Powdermaker, amene adachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 n'kulemba buku la Copper Town la 1962, adatuma omuthandiza kukhala pakati pa oonera ndi kulemba zimene ankayankhula. Zolembazo zikuonetsa kuti bwalo la kanema silidali malo achete. Anthu ankafuula, kuchenjeza ngwazi yawo imene ankaitcha Jack m'filimu iliyonse, kutsutsana ndi kufotokozerana m'Chibemba zimene zikuchitika. Mawu a Chingerezi ankamira m'phokosolo. Motero filimu iliyonse inkakhala ndi nkhani ziwiri, ya pansalu ndi ya pabwalo, ndipo yachiwiriyi idali m'chiyankhulo cha Chiafirika.

Atsamunda nawo adayesa kupanga mafilimu awoawo. Pakati pa 1935 ndi 1937 ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, motsogozedwa ndi Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, idajambula mafilimu 35 ku Tanganyika n'kuwaonetsanso ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland, mawu ofotokozera atajambulidwa pa mbale za galamafoni m'ziyankhulo zingapo, kuphatikizapo Chinyanja. Imodzi mwa mafilimuwo inkasimba za wantchito amene adakwirira malipiro ake pansi n'kuberedwa, pamene mnzake adasunga ake ku positi ofesi. Kuyambira 1948 mpaka 1963 bungwe la Central African Film Unit lidapitiriza ntchito yotere lili ku Salisbury, ndipo mafilimu ake oyambirira adali opanda mawu, womasulira ataima pambali kufotokoza. Upandu wa m'mafilimu amenewa udali wooneka ndi maso ndi wophunzitsa khalidwe: wakuba aba, athamangitsidwa, agwidwa. Munthu wokodwa pakati pa lamulo ndi womuopseza, amene sali wolungama kwenikweni komanso sali chigawenga, adalibe malo m'menemo.

5. Munthu ndi chitupa chake

Komatu munthu wotereyu ankapezeka m'komboni iliyonse. Mwamuna wa Chiafirika wofuna ntchito m'tauni ankayenera kuyenda ndi chitupa, cholembedwapo dzina lake, mudzi wake, mfumu yake ndi za msonkho. Charles van Onselen, m'buku lake la Chibaro la 1976, adaonetsa mmene antchito a m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, ankathawira mabwana ankhanza posintha maina, kugula zitupa kapena kuyendera za anzawo. Ena ankapita ku Joni pansi pa Wenela, ena ankayenda selufu, kuzemba malire ndi maofesi olembera anthu. Amene ankakhalitsa osabwerera ankatchedwa machona.

Munthu woyendera chitupa cha mwini amakhala mwamtendere mpaka tsiku limene akumana ndi wakumudzi womudziwa, kapena wodziwa mwini chitupacho. Kuyambira tsiku limenelo moyo wake uli m'kamwa mwa mnzake. Kupita kwa apolisi sangathe, pakuti kudandaula ndiko kudziulula. Umu ndi mmene zidamuchitikira Al Roberts atavala jekete ya Haskell. Akuluakulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka: Vera wakhala pa mkhate wa chinsinsi, ndipo kumukantha ndiko kuswa mkhatewo. Nkhani imene bungwe lounika mafilimu linkaopa kuti iphunzitsa anthu upandu idali nkhani imene malamulo a boma lomwelo adaibzala m'miyoyo yawo. Sizodabwitsa kuti pa zipolowe za Cha Cha Cha mu 1961 anthu a kumpoto kwa dzikolo adatentha zitupa poyera.

Ufulu wa 1964 udachotsa chitupa, koma funso la kumene munthu adachokera silidathe mphamvu. Chiphaso chobiriwira cha unzika chidakhala khomo la ntchito, ndipo mabanja ambiri a m'matauni adali ndi makolo ochokera ku Malawi, ku Mozambique kapena ku Zimbabwe. Mu 1996 malamulo adasinthidwa kuti munthu amene makolo ake sadabadwire m'Zambia asapikisane pa upulezidenti, ndipo mu 1999 khoti la ku Ndola lidagamula kuti Kenneth Kaunda, amene makolo ake adachokera ku Nyasaland, si nzika, chigamulo chimene chidathetsedwa mu 2000. Ngati chiyambi cha munthu chidasanduka chida chokanthira mtsogoleri woyamba wa dziko, titha kuona kulemera kwake pa wantchito wamba.

6. Kafue: tauni ya mafakitale ndi nyengo ya vidiyo

Kafue adayamba ngati siteshoni ya sitima pamene njanji idaoloka mtsinjewo mu 1906. Kukula kwake kudadza Ian Smith atalengeza ufulu wa Azungu a ku Rhodesia pa 11 November 1965. Zambia idafuna kuleka kudalira katundu wa kummwera, ndipo kudzera m'kampani ya boma ya INDECO idasankha Kafue, pamene pali madzi, njanji ndi msewu, kukhala tauni ya mafakitale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudamangidwa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ndipo mu 1970 fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, yomangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Kobe Steel, idayamba ntchito. Antchito adawamangira nyumba ku Kafue Estates. Magetsi a ku Kafue Gorge adayamba kutuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Pa nkhani ya ziyankhulo, Kafue ali pamalire. Kutsidya kwa mtsinje kumayamba dziko la Atonga, kumpoto kuli Lusaka, ndipo mafakitale adakoka Abemba, Alozi, Ansenga, Achewa, Atumbuka ndi ena. Chiyankhulo cha m'kalasi ndi cha mu ofesi chidali Chingerezi, monga boma lidakhazikitsira pakati pa zaka za m'ma 1960, koma pamsika ndi pamzere wolandirira malipiro chidalamula ndi Chinyanja cha m'tauni. Anthu a ku Kafue adalowa m'malo a anthu a ku Luanshya aja monga oonera: osakanikirana mitundu, okhala m'nyumba za kampani, olandira zithunzi zochokera kutali m'chiyankhulo chimene ambiri ankachimva mwapatalipatali.

Chidasintha ndi njira yofikira zithunzizo. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 makina a vidiyo adafala m'matauni a Zambia ndi Malawi, ndipo tinyumba toonetsera mafilimu pa mtengo wochepa tidabuka m'misika ndi m'makomboni. Lumo la boma silikadathanso kufika pa tepi iliyonse. Nyengo yomweyo ndiyo idagwetsa mafakitale. Boma la Frederick Chiluba, lolowa mu 1991, lidatsekula malire a malonda n'kuyamba kugulitsa makampani a boma; salaula idadzaza misika, fakitale ya nsalu idafooka mpaka kutsekedwa m'zaka za m'ma 2000, ndipo ya feteleza idakhala zaka zambiri ikutsimphina. Tauni yomangidwira anthu obwera idayamba kutulutsa anthu opita, oima pamsewu wa ku Chirundu monga Al adaimira pa misewu ya ku Arizona.

Detour nayo idayenda ulendo wakewake. Umwini wake pa lamulo udatha osaukonzanso, motero aliyense adali ndi ufulu woikopera, ndipo idafala pa matepi otchipa osaoneka bwino. Mu 1992 Library of Congress idaiyika m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa, ndipo mu 2018 idakonzedwanso kuchokera ku makope akale. Pakali pano imapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo palibe lamulo loletsa munthu kuimasulira m'Chichewa.

7. Vuto la womasulira

Womasulira wotere adzayamba wapunthwa pa dzina la mlanduwo. Liwu la Chingerezi lija nalo lili ndi mbiri: m'zaka za m'ma 1500 linkatanthauza malipiro amene alimi a m'malire a England ndi Scotland ankapereka kwa akuba ng'ombe kuti asawaukire, chinthu chofanana ndi mtulo umene midzi ina inkapereka kwa Angoni m'zaka za m'ma 1800. Tanthauzo la chinsinsi lidadza pambuyo pake. Choncho si chilema kuti Chichewa chilibe dzina limodzi lofanana nalo ndendende.

Mlanduwu uli ndi miyendo itatu ngati mafuwa: chinsinsi, chiopsezo cha kuulula, ndi malipiro osatha. Mawu amene tili nawo amagwira mwendo umodzi kapena iwiri. "Kuopseza" n'kotambalala kwambiri, pakuti munthu amaopseza ndi mpeni kapena ndi ufiti. "Kulanda" kumafuna mphamvu ya manja ndipo kumachitika kamodzi. "Chiphuphu" chimaperekedwa kwa waudindo kuti apotoze lamulo. "Nichekeleko" ya m'Chinyanja cha ku Lusaka ndi pempho la gawo, ndipo imagwira bwino mtima wa Vera pa nkhani ya galimoto, koma ilibe chiopsezo. "Dipo" limaombola munthu kamodzi n'kumumasula, pamene woopsezedwa ndi chinsinsi samasuka. "Kutseka pakamwa" kumaona nkhaniyo kuchokera kwa wopereka.

Mphamvu ya Chichewa pa nkhani zotere ili mu aneni. Tikati "akumudyera pa chinsinsi", msintho wa -er- ukuonetsa kuti wina akupindula pamsana pa mnzake, ndipo nthawi ya mneniyo ikuonetsa kuti kudyako kukupitirira. Tikati "amuulula akapanda kumupatsa", kachigawo ka "akapanda" kanyamula chiopsezo chonse. Pofuna dzina, monga m'mtanthauziramawu kapena m'khoti, "dipo la chinsinsi" lingathandize, koma m'kamwa mwa ochita sewero mneni ndiye amamveka ngati Chichewa.

Pali malo amodzi pamene chiyankhulo chathu chimaposa cha filimuyo. Chingerezi chili ndi mlowam'malo mmodzi wa munthu woyankhula naye, pamene ife timasiyanitsa "iwe" ndi "inu". Vera akamakwera galimoto ya mwamuna wachilendo ayenera kunena kuti "mukupita" ndi kumutchula "bambo". Pamene akuulula kuti akumudziwa, "mu-" asanduke "u-", ndipo mphatikiram'mbuyo mmodziyo auza omvera kuti ulamuliro wasintha manja. Pamaso pa wogulitsa magalimoto, pamene akudzionetsa ngati banja, ayenera kubwerera ku "inu" ndi "amuna anga", ulemu umene woonera akudziwa kuti ndi chitonzo. Al naye ayenera kusankha: akapitiriza "inu" aoneka wogonja, akayankha "iwe" aoneka wolimba mtima kuposa mmene filimuyo imamuonetsera. Mphunzitsi wofuna kuonetsa ophunzira kuti alowam'malo amanyamula ulamuliro adzapeza chitsanzo chokwanira m'chigawo chimenechi.

Ntchito imeneyi ili kale ndi eni ake. Ku Tanzania, Derek Gaspar Mukandala, wodziwika ndi dzina loti Lufufu, adatchuka pofotokoza mafilimu akunja m'Chiswahili, ndipo Matthias Krings adafufuza luso lake. Ku Malawi achinyamata amajambula mawu a Chichewa pamwamba pa mafilimu a ku China, ku India ndi ku America n'kuwagulitsa m'misika. Iwowa ndiwo adzukulu a oonera a ku Luanshya ndi a womasulira woima pambali pa nsalu.

8. Mawu omaliza

Taona kuti Detour ndi filimu imene upandu wake uli m'mawu, ndi kuti dongosolo la atsamunda lidatsekereza mafilimu otere pawiri: powadula ndi powasiya m'Chingerezi. Taonanso kuti chitupa, ndi pambuyo pake funso la unzika, zidapangitsa nkhani ya dzina lobwereka kukhala yodziwika m'matauni a anthu apantchito, kuyambira ku migodi mpaka ku Kafue. Mbiri ya kanema m'dera lino yalembedwa kwambiri kuchokera m'mafayilo a maboma, amene amasunga maganizo a odula mafilimu. Zimene oonera ankayankhula zidalembedwa pang'ono chabe, ndipo zolemba za Powdermaker zidatifika zitamasuliridwa kale m'Chingerezi. Anthu amene adagwira ntchito m'mafakitale a ku Kafue m'zaka za m'ma 1970 ndi okalamba tsopano. Madipatimenti a ziyankhulo za Chiafirika ali ndi udindo wowajambula mawu akusimba mafilimu amene adaonera, m'Chinyanja chimene adawasimbira tsiku loyamba, ndi kusonkhanitsa ntchito za omasulira a m'misika kuti ziphunziridwe pamodzi ndi nthano ndi masewero a pa wailesi.